Matiresi odzipopa okha: mpweya umalowamo bwanji, nanga n'chifukwa chiyani amafunditsa?

Kuno ku Chiweta nkhani ya kuzizira timangoimva kwa anzathu. Tili m'mphepete mwa nyanja, mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala munthu umatuluka thukuta uli chigonere. Ngakhale nthaka yathu imatulutsa madzi otentha pa kasupe uja mumamudziwa nonse. Ndiye pamene ine ndi mphunzitsi mnzanga tinkakonza ulendo wa kalabu ya zachilengedwe wopita ku Nyika m'mwezi wa Juni, ndinkadziwa pamapepala kuti kumeneko n'kozizira, koma thupi langa silinkakhulupirira.

Masamu ndinachita. Mukamakwera m'mwamba, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Chelinda ali pa mamita pafupifupi 2,300, kutanthauza kuti tikwera mamita ngati 1,800 kuchokera kwathu kuno. Chulukitsani nokha: kusiyana kwake ndi madigiri pafupifupi 12. Onjezanipo kuti mu Juni ndi Julayi kumwamba kumakhala kopanda mitambo, nthaka imataya kutentha kwake usiku wonse, ndipo ku Nyika masiku ena udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Ndinauza ana kuti aliyense atenge mabulangete awiri, juzi ndi chipewa. Za pansi sindinanene chilichonse.

Ine ndinali nditagula pa kaunjika ku Mzuzu matiresi apulasitiki opopa ndi pampu, okhuthala ngati chikhatho choimika. Ndinanyada nawo. Tinadutsa Mchenga, Phwezi, kukhota pa Bwengu, Rumphi, Bolero, kulowa pa geti la Thazima, ine ndikungoganiza kuti usiku uno ndigona ngati bwana. Ana ambiri anatenga mphasa ndi mikeka. Mnyamata wina wa Fomu 3, amene bambo ake ndi mlonda, anamanga mtolo wa makatoni pa chikwama chake ndipo anzake anamuseka njira yonse kuti akupita kukagulitsa tomato.

Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzuka mano akugundana. Pamwamba ndinafunda bwinobwino, koma msana unali ngati ndagonera pa chitseko cha filiji. Ndili mkati mosinkhasinkha, mnzanga anabwera kudzandiitana: mtsikana wina m'tenti ya atsikana ankanjenjemera mosalekeza, akungoti, "Ŵasambizgi, kukuzizima chomene." Anagona pa mkeka umodzi wokha, mabulangete onse awiri pamwamba. Apa sipanalinso zoseka. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo likatsika kupitirira 35 ndi matenda amene madokotala amawatchula kuti hypothermia. Munthu amayamba kusokonezeka mutu, kulankhula mosamveka, ndipo akalekereredwa atha kufa. Tinamupatsa tiyi wa shuga, tinamugoneka pakati pa anzake awiri, ndipo pansi tinayala makatoni a mnyamata uja, amene tinachita kumudzutsa mogwedeza chifukwa iye anali m'tulo tofa nato. Patapita kanthawi kunjenjemera kunaleka.

M'mawa mwake mlendo wina amene anamanga tenti pafupi nafe, akukonzekera kuyenda wapansi masiku atatu kupita ku Livingstonia, ankapinda kamatiresi kopyapyala ngati zala ziwiri. Ndinamufunsa ngati sanazizidwe. Anaseka, natsegula kachitseko ka pakona, kamene tizikatchula kuti valavu, n'kuponya kamatiresiko pansi. Kanayamba kulira tsiii, n'kumafufuma kokha popanda pampu, popanda munthu kuuzira. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kulemba nkhani ino, chifukwa m'kanthu kameneka muli theka la silabasi ya Fizikisi ya Fomu 3.

Amene amaba kutentha ndi nthaka

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri timachinena molakwika. Timati "kuzizira kwandilowa". Mu Fizikisi kuzizira sikulowa paliponse. Chimene chimayenda ndi kutentha, ndipo kumachoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizira. Munthu wamkulu akagona, thupi lake limapanga kutentha kwa mawati pafupifupi 80, ngati babu lakale lija lotentha mukaligwira. Bulangete silipanga kutentha ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi kuchedwetsa mawati 80 amenewa kuti asathawe msanga.

Njira zothawira mukuzidziwa: conduction, convection ndi radiation. Mukagona pansi, yoopsa kwambiri ndi conduction, kumene ndi kuyenda kwa kutentha pakati pa zinthu zokhudzana. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake yosonyeza mmene chimadutsitsira kutentha, thermal conductivity, imene timaiyeza mu W/mK. Mpweya wongokhala phee uli pa 0.026. Madzi ali pa 0.6, kuposa mpweya maulendo oposa 20. Dothi lonyowa limafika pa 1 mpaka 2, mwala wa granite umayandikira 3, ndipo kopa ali cha pa 400. N'chifukwa chake khasu ndi mpini wake zikagona panja usiku umodzi, m'mawa chitsulo chimamveka chozizira kuposa mtengo, chonsecho thermometer ikuuzani kuti zonse zili pa digiri imodzimodzi. Chitsulo chikungolanda kutentha kwa dzanja lanu mwachangu.

Onaninso nambala ya mpweya ija. Ndi yaing'ono kuposa zonse. Chinsinsi cha chilichonse chofunditsa ndi chomwecho: si ulusi wa bulangete umene umafunditsa, koma mpweya wotsekeredwa pakati pa ulusiwo. Nkhuku ikamazizidwa imafufumitsa nthenga. Nyumba yofolera udzu imakhala yabwino masana ndi usiku kuposa ya malata. Tsono vuto ndi ili: bulangete limene mwaligonera mumaliphwatalalitsa ndi kulemera kwanu, mpweya wonse n'kuthawamo. Pamwamba muli ndi chofunda, pansi mwatsala inu ndi nthaka, ndipo nthaka ndi yaikulu moti simungaitenthetse. Idzalandira kutentha kwanu mpaka tambala kulira, osakhuta.

Alonda, asodzi, anthu ogona pamaliro ndi odikirira odwala kuchipatala anazindikira izi kalekale popanda kulemba MSCE. Katoni ili ndi timizere topindikapindika pakati pa mapepala awiri, ndipo m'timizeremo mumakhala mpweya umene suphwanyika msanga ngakhale muugonere. Mnyamata uja sanabere nzeru m'buku; anaona bambo ake.

Nanga matiresi anga aja analakwa chiyani?

Poti anali odzaza mpweya, bwenzi atafunditsa kuposa china chilichonse. Titabwerera kusukulu ndinafotokoza m'kalasi kuti vuto linali convection, kuti mpweya unkazungulira mkatimo. Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja. "Koma aphunzitsi, munatiuza kuti mpweya wotentha umakwera. Apa wotentha uli kale pamwamba, pamene pali thupi lanu, wozizira uli pansi. Uzungulira bwanji?"

Funso limenelo linandiimitsa, ndipo anali kulondola. Mukatenthetsa mpweya kuchokera pamwamba paliponse mofanana, suzungulira. Ndinapita kunyumba kukaganiza, ndipo yankho lili patatu. Thupi langa silinkaphimba matiresi onse. M'mbali ndi kumapeto pulasitiki inkakhudzana ndi mpweya wozizira wa m'tenti, choncho mpweya wa mkati ukafika kumeneko unkazizira, n'kutsika, n'kukoka wofunda uja kuchoka pansi pa msana wanga. Chachiwiri, munthu wogona sakhala ngati mwala. Ukatembenuka, ngakhale kupuma kumene, umatakasa mpweya wa m'thumba lalikulu ngati limenelo monga mthiko mu phala. Chachitatu ndi radiation: pakati pa pulasitiki ya pamwamba yofunda ndi ya pansi yozizira panalibe chotchinga chilichonse, ndiye kutentha kunkangodumpha mpatawo monga mmene moto umakuwotherani muli chapatali. Mpweya umafunditsa pokhapokha utagawidwa m'tizipinda ting'onoting'ono moti sungayende. Kukhuthala pakokha sikuthandiza.

Mmene kamatiresi ka mlendo uja kanapangidwira

Mukakang'amba, chonde musatero, mupezamo siponji, yofanana ndi ya m'matiresi a kunyumba kapena yotsukira mbale. Timabowo take n'tolumikizana, choncho mpweya umatha kudutsa kuchoka m'kabowo kena kupita m'kena. Pa Chingerezi amati open-cell foam, ndipo imapangidwa ndi polyurethane. Siponjiyo amaimata pamwamba ndi pansi ku nsalu yosadutsa mpweya, n'kutseka m'mbali monse, kusiya khomo limodzi lokha la valavu.

Nzeru imeneyi inachokera ku Seattle, m'dziko la America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampani yopanga ndege ya Boeing inachotsa anthu ambiri ntchito. Injiniya wina, Jim Lea, akugwira ntchito m'dimba atagwada pa kasiponji, anamva mpweya ukutuluka ndi kulowa akamasuntha maondo. Iye ndi mnzake Neil Anderson anayesa kumata nsalu pa siponji pogwiritsa ntchito makina otenthetsera masangweji, ndipo mu 1972, pamodzi ndi John Burroughs, anayambitsa kampani ya Cascade Designs imene imapanga matiresi otchedwa Therm-a-Rest mpaka lero. Masiku ano makampani ambiri amapanga ofanana nawo.

Tsopano funso lenileni: ndani amapopa? Mukamapinda matiresiwa valavu ili yotsegula, mumafinya siponji n'kutulutsa mpweya. Mukatseka valavu, siponji imafuna kubwerera mwakale, monga sipuling'i kapena legeni imachitira. Ikangoyesa kufufuma, malo a mkati amakula pang'ono koma mpweya sunawonjezeke, choncho pressure ya mkati imatsika kuyerekeza ndi ya kunja. Ameneyo ndi Boyle: volume ikakula, pressure imachepa. Mpweya wa kunja ndiye umakanikiza nsalu n'kugwira siponji kuti ikhale yofinyika. Ndipo mphamvu uli nazo zokwanira. Kuno ku Chiweta atmospheric pressure ili pafupifupi 95 kPa, kapena manyutoni 95,000 pa sikweya mita imodzi. Matiresi wamba amatalika masentimita 183 ndipo m'lifupi ndi 51, amene ndi masikweya mita 0.9 kapena kuposerapo pang'ono. Mkati mutakhala mopanda mpweya ngakhale pang'ono, kunja kungakanikize mbali imodzi ndi manyutoni oposa 85,000, kulemera kwa matani asanu ndi atatu ndi theka. Kuti siponji igwidwe pamangofunika kachigawo kakang'ono ka mphamvu zimenezi.

Mukatsegula valavu, mpweya umayenda kuchoka kumene pressure ili yaikulu kupita kumene ili yochepa. Kulira kuja ndi mpweya wa kunja ukudzipanikiza pa kabowo. Pressure ya mkati ikamakwera, siponji imamasuka n'kufufuma, malo n'kukula, mpweya wina n'kulowanso, mpaka siponji itafika pa msinkhu wake. Pa mayeso musalembe kuti siponji "imayamwa" mpweya. Palibe chimene chimakoka. Siponji imangotsegula malo, amene amakankha ndi mpweya wa kunja. Mapapo anu amagwira ntchito chimodzimodzi, jakisoni wa kuchipatala chimodzimodzi. Nanga mphamvu yake ikuchokera kuti, poti energy siibwera yokha? Inachokera m'manja ndi m'maondo anu dzulo pamene mumapinda. Inasungidwa m'siponji ngati elastic potential energy. Kunena zoona, matiresiwa sadzipopa okha. Munawapopa kale ndinu, mobwerera chammbuyo.

Apa pali malire amene ogulitsa sakonda kunena. Kufufuma kumasiya pressure ya mkati ikafanana ndi ya kunja, choncho matiresiwa paokha sangalimbe kuposa pamenepo. Akasiya kulira mumauzira kawiri kapena katatu n'kutseka valavu msanga. Matiresi okhuthala masentimita 3.8 amalowa malita pafupifupi 35 a mpweya. Siponji yagwira ntchito yaikulu, inu mukungomalizitsa.

Mukagonapo, siponji ndi mpweya zimathandizana. Siponji payokha ingaphwatalale. Yesani kugonera siponji yopyapyala pa simenti muone. Mpweya wotsekeredwa ndi umene umakunyamulani. Siponji nayo imagawa mpweyawo m'timabowo tosawerengeka kuti usazungulire, imatchinga radiation, ndiponso imagwira nsalu ya pamwamba ndi ya pansi kuti chinthucho chisatupe ngati baluni. Wophunzira wa makilogalamu 60 amalemera manyutoni pafupifupi 600. Akagona chagada, n'kukhudza malo okwana theka la sikweya mita, pressure ndi 600 kugawa ndi 0.5, imene ndi 1,200 Pa basi. Koma akaima ndi phazi limodzi, malo ake ndi masikweya mita ngati 0.015, ndipo pressure imafika 40,000 Pa. Phazi limagunda pansi. N'chifukwa chake ogona chammbali, amene kulemera kwawo kumathera pa chiuno ndi phewa, amafunika matiresi okhuthalirapo.

Nambala imene muyenera kuifufuza

Matiresi abwino amalembedwa nambala yotchedwa R-value. R akuimira resistance, kukana kuti kutentha kudutse. Nambala ikakula, ndiye kuti amafunditsa kwambiri. Kale kampani iliyonse inkayeza mwa njira yake, koma kuyambira 2020 makampani akuluakulu amatsata muyezo umodzi wotchedwa ASTM F3340. Amaika matiresi pakati pa mbale ziwiri zachitsulo, ya pamwamba yofunda ngati thupi la munthu, ya pansi yozizira ngati nthaka, n'kuyeza magetsi ofunika kuti ya pamwamba isazizire. Nambalayi ili mu mayunitsi a ku America. R imodzi ndi yofanana ndi 0.176 m²K/W m'mayunitsi athu a m'kalasi.

Tiyeni tiigwiritse ntchito, chifukwa apa m'pamene nkhani ya ku Chelinda imamveka. Kutentha kothawa pa sekondi ndi area kuchulukitsa ndi kusiyana kwa temperature, kugawa ndi R. Tiyerekeze kuti msana uli pa madigiri 33, nthaka pa madigiri 8, kusiyana 25, ndipo area ndi theka la sikweya mita lija. Matiresi opanda kanthu mkati ngati anga aja amakhala cha pa R 1. Ndiye 0.5 kuchulukitsa ndi 25, kugawa ndi 0.176, tipeza mawati 71. Mwa mawati 80 amene thupi likupanga, pafupifupi onse akupita pansi, tisanawerengere othawira pamwamba ndi m'mpweya wopuma. Thupi limayamba kunjenjemera kuti minofu ipange kutentha kowonjezera. Tsopano ikani R 3, amene ndi 0.528. Yankho ndi mawati 24. Munthu yemweyo, usiku womwewo, mabulangete omwewo, koma uyu akugona. Masamuwa ndawaphweketsa, chifukwa nthaka ya pansi panu imafundako pang'ono usiku ukamapita, koma kusiyana kwa katatu kuja n'koona.

Kugombe kuno, kapena ku Chitimba ndi Usisya, R 1 kapena 2 n'zokwanira chaka chonse. Ku Livingstonia, ku Viphya, kapena pa phiri la Mulanje ndi ku Nyika miyezi yozizira, ine sindingapite ndi zochepera R 3. Odzipopa okha okhuthala masentimita 2.5 nthawi zambiri amakhala pakati pa 2 ndi 3, ndipo a masentimita 4 kapena 5 amaposa 3. Chosangalatsa n'chakuti ma R amaphatikizana ngati ma resistor mu series. Mukayala china pa chinzake mumangowonkhetsa. Makatoni atatu amaposa imodzi, ndipo makatoni pansi pa matiresi opyapyala amaposa chilichonse mwa ziwirizo pachokha.

Ukagula pa kaunjika

Patapita miyezi ingapo ndinawapeza, kaunjika yemweyo, atapindidwa pakati pa majekete. Wogulitsa sankadziwa n'komwe kuti n'chiyani. Koma nditapsa kamodzi, ulendo uno sindinapereke ndalama ndisanayese, ndipo inunso mudzachite chimodzimodzi. Tsegulani valavu, yalani pansi, dikirani mphindi khumi. Amene akhala opindidwa miyezi yambiri m'belo amachedwa, zimenezo n'zachibadwa. Koma akangokhala phwatalala osasuntha, siponji inafa, asiyeni. Akafufuma, uziranimo, tsekani, apindeni pakati, gwadanipo, tcherani khutu. Kenako gonanipo chammbali, ngakhale anthu akuseke, mumve ngati chiuno chikugunda pansi. Nunkhizani pa valavu. Fungo la chuku likutanthauza kuti mkati munalowa chinyontho.

Kabowo kakang'ono si nkhani. Kapezeni monga amachitira okonza njinga: thovu la sopo kapena beseni la madzi, kenako chigamba ndi guluu. Chosakonzeka ndi chotupa. Mukaona malo amene akutukumuka ngati chithupsa mukauzira, ndiye kuti nsalu yamatuka ku siponji, ndipo chotupacho chimangokulirakulira usiku uliwonse.

Chimayambitsa chotupa nthawi zambiri ndi dzuwa, ndipo ife a kunyanja tiyenera kusamala kuposa wina aliyense. Tiyerekeze kuti mwapopa m'mawa pa madigiri 20, mwatseka valavu, mwasiya m'tenti kapena pa mchenga, ndipo masana nsalu yatentha kufika madigiri 60. Sinthani kukhala kelvin: 293 ndi 333. Volume siingakule chifukwa siponji yagwira nsalu, choncho pressure ndi imene imakwera, ndi 333 kugawa ndi 293, pafupifupi 14 peresenti. Pa 95 kPa ndiye kuti pawonjezeka 13 kPa, kuposa kakhumi pressure ya munthu wogona ija. Pa masikweya mita 0.9 zikukwana manyutoni pafupifupi 12,000, kuposa tani imodzi, zikukoka guluu amene wafewa kale ndi kutentha. Masana valavu izikhala yotsegula, basi.

Lamulo lomwelo limagwiranso chammbuyo, ndipo lanamiza ambiri. Mwapopa madzulo kukadali kofunda, ndi mpweya wofunda wa m'kamwa, tinene kuti mkati muli madigiri 30. Pakati pa usiku mwatsika kufika 5. Kuchoka 303 kufika 278 kelvin ndi kuchepa kwa 8 peresenti. Mumadzuka matiresi atafewa n'kuyamba kutukwana wogulitsa kuti ndi obooka, chonsecho palibe mpweya umene watuluka. Apopeni msanga, asiyeni azizire, mudzawonjezere mpweya pogona.

Kukwera phiri nakonso kuli ndi mbali yake. Ku Chelinda atmospheric pressure ili cha pa 77 kPa, kusiyana ndi 95 ya kuno. Amene munakwerapo basi pa chikweza cha Chiweta mukudziwa mmene makutu amatsekekera. Matiresi opindidwa molimba alibe vuto, poti mpweya wotsala mkati ndi wochepa. Koma mukawanyamula opopa kale, valavu yotseka, kusiyana kwa 18 kPa kumeneko kudzakoka guluu kuposa dzuwa lija. Mukufuna kuziona ndi maso? Tsiku lina mukadzakwera msewu wa Gorodi kupita ku Livingstonia, mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja yathu, mudzatseke molimba botolo lapulasitiki lopanda kanthu, lija lofewa la madzi akumwa, muli pamwamba. Mukadzatsika ku Chitimba mudzalipeza litakwinyika ngati wina waliponda.

Kusunga kwake n'kosemphana ndi mmene ambiri amaganizira. Sasungidwa opinda. Siponji ikakhala yofinyika nthawi yaitali imaiwala msinkhu wake, monga matiresi a kunyumba amene anakumbika pakati. Ayaleni pansi pa bedi kapena aimikeni kuseri kwa chitseko, valavu yotsegula, kuti chinyezi cha mpweya wa m'kamwa chizituluka. Makoswe okha muwaganizire.

Za kulemera ndi kutalika sindichulukitsa mawu. Oyenda pagalimoto atenge okhuthala mmene angafunire. Oyenda pansi akumbukire kuti kilogalamu iliyonse adzaisenza okha. Alipo aafupi a masentimita pafupifupi 120, ofika m'maondo, ndipo miyendo mumaisanjika pa chikwama. Kuli minga, monga m'tchire la mitengo ya mthethe, nsalu yokhuthala ndi yofunika kuposa kupepuka, ndipo sesani pansi musanayale.

Tsono ndinene zoona, poti ndikudziwa kuti ambiri a inu fizi ikuvuta kale. Kodi mwana wa sukulu akufunika kugula matiresi amenewa? Ayi. Atsopano ndi odula, ndipo m'masitolo a kuno sapezeka wambawamba. Pali siponji ina yolimba, yotsekeka timabowo, closed-cell foam, yonga ija amachitirapo masewera olimbitsa thupi. Siibooka, siimwa madzi, ndipo yabwino yake imafika cha pa R 2. Kugonapo n'kouma, koma siikhumudwitsa. Ikani makatoni pansi pake, ndipo Nyika simudzamuopa. Udzu wouma m'thumba la feteleza umagwiranso ntchito, bola muutenge kunyumba, chifukwa m'nkhalango yotetezedwa saloleza kumweta. Mukakhala ndi mabulangete awiri okha pa simenti, monga ambiri a inu ochita lendi pafupi ndi sukulu, musafunde onse: lina lipindeni kawiri kapena kanayi, muyale pansi. Chinthu chimodzi chokha, zonsezi zikhale zouma. Katoni ikanyowa, madzi amalowa m'malo mwa mpweya, ndipo mwaona kale kuti 0.6 si 0.026. Pulasitiki pansi pa zonse imateteza zimenezo.

Ntchito ya kumapeto kwa sabata

Pezani mabotolo awiri ofanana a theka la lita. Thiranimo madzi ofunda a m'poto mmodzi, osati owira chifukwa akwinyitsa pulasitiki. Madzulo kukazizira, goneketsani lina pa simenti, lina pa makatoni atatu osanjikiza, pafupi ndi pafupi, ndipo lililonse mulifunditse ndi nsalu yofanana yopinda mofanana. Amene mungabwereke thermometer ku labu, yezani poyamba, kenako mphindi khumi zilizonse kwa ola limodzi, mujambule graph ya mabotolo onse awiri pa pepala limodzi. Theka la lita ndi makilogalamu 0.5, ndipo specific heat capacity ya madzi ndi 4,200 J/kg°C, choncho digiri iliyonse imene yatsika ndi majuwulo 2,100 amene athawa. Werengetsani kuti botolo lililonse lataya angati, mugawe ndi masekondi 3,600, mupeze mawati. Opanda thermometer gwiritsani ntchito tsaya, limadziwa kusiyanitsa.

Ndipo funso ili ndi la amene akufuna kundigonjetsa monga anachitira mtsikana wa kutsogolo uja. Munthu wafika pa mwezi, kumene kulibe mpweya, atanyamula matiresi odzipopa okha amene anawapinda ndi kutseka valavu kuno ku Chiweta. Chichitike n'chiyani akangomasula chingwe chomangira, asanakhudze valavu? Nanga akatsegula valavu n'kugonapo? Mayankho ndi ma graph mubweretse Lolemba, dzina ndi kalasi pamwamba.